Lilime Litasukuluka

M'nyumba zambiri tiyi wa kadzutsa amamwedwa mothamanga, munthu ali chiimire, nsapato imodzi ili kuphazi inayo ikufunidwa kunsi kwa bedi. M'nyumba ya Lilime sizinali choncho. Kumeneko tiyi ankayamba waweruzidwa asanamwedwe, ndipo woweruza wake anali mwini nyumba.

Dzina loti Lilime anamupatsa ndi anzake a kuntchito, ndipo iye sankalikana, ankachita kulivomera ndi chifuwa. Ntchito yake inali yolawa tiyi pakampani ina yosakaniza masamba ndi kuwalongedza m'mapaketi. Anthu akamva za ntchito imeneyi amaseka, amati ena ali ndi mwayi, kumwa tiyi tsiku lonse n'kumati atopa. Sadziwa kuti wolawa samwa. M'chipinda cholawiramo muli tebulo lalitali loyera, ndipo pamenepo timbale ta tiyi wopanda shuga timandandalikidwa kuchokera kukhomo mpaka pawindo. Wolawa amatunga ndi supuni n'kukoka tiyiyo pamodzi ndi mpweya, fyuu, phokoso loti kwa eni ake akhoza kukuchotsa nalo patebulo. Akatero amachukucha pang'ono m'kamwa, n'kulavulira m'chidebe cha matayala chimene amachikoka pambali pake. Apo ndiye amanena kuti masamba awa ali ndi mphamvu, awa ali ndi fungo, awa angobweretsa mtundu, ndipo osakaniza amatapa monga iye wanenera. Tiyi wakuda wamphamvu wa kadzutsa, uja wa m'paketi yofiira amene ankatsegula maso a tauni yonse, ankachokera m'kamwa mwa mkuluyu.

Lilime lakelo ankalisamala kuposa mmene ena amasamalira galimoto. Tsabola sankamuyandikira, fodya ayi, mowa ndiye ngakhale fungo. Kuntchito ankamulemekeza, koma nthawi yopuma anthu ankakacheza kwina, chifukwa kucheza ndi munthu wodziwa zonse kumatopetsa msana. Anansi ake ankangomudziwa kuti ndi bambo wa jekete yotuwa amene amakhala pamwamba pa sitolo ya nsapato.

Munthu yekhayo amene ankakhala naye pansi n'kuyankhulana anali mkazi wake, mayi wofatsa wosoka zovala, amene makina ake anali pakona ya chipinda chochezera. Mwana wawo yekhayo, wamkazi, anali atakwatiwa kutsidya lina la tauni, ndiye m'nyumbamo munatsala awiriwo. Madzulo Lilime ankabwera pakamwa patatopa, n'kungodya mwakachetechete. Nthawi yawo inali m'mawa, patebulo la m'khitchini, tipoti ili pakati. Mayi ankathira, bambo n'kukoka kamodzi, fyuu, n'kutseka maso. Akati, "Wapsa bwino, make mwana," mayi ankakoka mpando n'kukhala, nkhani n'kuyamba: za mpopi wodontha, za mwana, za amayi amene amayezetsa diresi lero n'kukanenepa kwawo, pobwera n'kumanena kuti tepi ndi yabodza. Lilime ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Pa tiyi yense amene ankadutsa m'kamwa mwake pa tsiku, ameneyu yekha ndiye ankamumeza.

Nyengo yozizira itafika, chimfine chinamugwetsa Lilime. Anagona masiku angapo, kenako anadzuka ali gwa, chifuwa chatha, mphuno zatseguka. M'mawa woyamba iye atachira, mayi anathira tiyi monga mwa masiku onse. Lilime anakoka, anatseka maso, koma anawatsegula msanga.

"Make mwana, lero mwatani? Tiyiyu ali zii."

"Ndathira monga ndimathirira, bambo."

"Ndiye kuti madzi sanawire."

"Anawira mpaka chivundikiro cha ketulo kumavina."

Mayi analawa wa m'kapu yake, nati kwa iye anali chimodzimodzi ndi wa masiku onse. Lilime anangoseka kaphwete kachipongwe, ngati mphunzitsi amene mwana wamukonza samu. Mawa lake mayi anawonjezera masamba pofuna mtendere, koma chigamulo chinali chomwecho. Anawonjezeranso tsiku lotsatira, mpaka iye mwini tiyiyo ankamumwa atathiramo madzi ena. Bambo anati m'nyumba mwake momwe ayamba kumwetsedwa madzi otsukira mbale.

Koma mayiyu anali ndi maso. Tsiku lina mkaka unapserera pachitofu, fungo n'kufika mpaka pamasitepe, bambo ali pomwepo ndi nyuzipepala osatembenuka n'komwe. Anaonanso kuti mwamuna wake wayamba kuthira mchere kawiri m'chakudya chimene chinali kale ndi mchere. Anasunga zimenezi mumtima, n'kudikira m'mawa wina pamene bambo anadzuka nkhope ili yomasuka.

"Bambo, ndinene kanthu, musapse mtima. Chimfine chija ndikuona ngati sichinapite chimanjamanja. Chinatengako kanthu m'mphunomo ndi m'kamwa. Bwanji mukaonane ndi adokotala? Kapena kuntchito kwanuko mupemphe mnzanu alawe nanu limodzi, muone ngati mukumva zofanana."

Akanakhala munthu wina akanati kaye phee n'kuganiza. Ndipotu mumtima mwa Lilime mantha analimo, chifukwa iyenso anali atadabwa kuti sopo wa kubafa wasiya kununkhira. Koma mantha akalowa mwa munthu wonyada sakhala mantha nthawi yaitali, amatulukira pakamwa ali ukali.

"Ndifunse ndani? Anthu amene ndinawaphunzitsa ndine kagwiridwe ka supuni? Ine tiyi ndinamudziwa inu musanadziwe kulowetsa ulusi pasingano. Vuto lili m'khitchini muno. Masamba ndimabweretsa abwino, koma kumene amalowera ndi kumene sindikudziwa. Kapena mukumagawira anzanu obwera kudzasoketsa aja, ine n'kumandiphikira adzulo oyanika pawindo?"

Mawu amenewa anamulasa mayi mpaka m'mafupa. Zaka zonse za banja lawo anali asanatulutsepo ngakhale tsamba limodzi m'nyumbamo popanda kunena. Anatsuka kapu yake, anaipukuta, n'kupita kumakina ake.

Madzulo a tsiku lomwelo Lilime anabwera ndi loko wamng'ono, naika chitini cha masamba m'kabati, n'kukhoma. Kuyambira pamenepo tiyi ankaphika yekha. Ankathira masamba odzaza dzanja, n'kusiya tipoti mpaka tiyi kuda bii ngati oyilo wa mu injini. Chimene ankamva chinali kutentha ndi khambi lomanga m'kamwa basi, koma ankadziuza kuti kumeneko ndiye kukoma kumene ankabisiridwa. Poyamba ankathirira ndi mayi omwe, kuti aone mmene tiyi weniweni amakhalira. Mayi ankangonyowetsa milomo n'kunena kuti ali ndi diresi la eni ake loti amalize. Kenako anasiyiratu kubwera patebulo. M'mawa uliwonse Lilime ankakhala yekha m'khitchini, tipoti patsogolo, makina akulira kuseri kwa khoma. Ankasungulumwa, ndipo ankadziwa kuti akusungulumwa, koma ankadikira kuti wolakwa ndiye ayambe kupepesa.

Zili choncho, mwana wawo uja anachira, kunabadwa kamtsikana. Mayi analongedza kachikwama kakang'ono n'kunena kuti akukathandiza kaye kumeneko. Palibe chachilendo pamenepa, ndipo Lilime anangogwedeza mutu. Koma patapita masabata angapo mkamwini wawo anatulukira ndi galimoto yobwereka, naima pakhomo akusisita m'manja.

"Pepani bambo, amayi andituma. Akuti kuli anthu akufuna zovala zawo, ndiye ndiwatengere makina aja."

Apa panali poti munthu afunse kuti kodi mayiwo ali bwanji, nanga akuti abwera liti. Lilime sanafunse. Anathandiza kutsitsa makinawo pamasitepe, akulangiza mkamwini kagwiridwe kake ngati anayamba wasokapo. Atakwera n'kutseka chitseko, anamva ketulo ikuzizira yokha pachitofu, kaphokoso kamene zaka zonsezi anali asanakamvepo. Tsopano si tiyi yekha amene anali zii, nyumba yonse inali zii.

Kuntchito nako zinthu zinali zitayamba kupendekeka. Lamulo la pakampanipo linali loti tiyi asanapite kumakina olongedza alawidwe ndi anthu awiri, koma Lilime anali atalipinda kalekale. Mnzake wolawa naye, mayi wina wamagalasi amene onse ankamutchula kuti Anti, ankayang'anira mitundu ina, ndipo tiyi wa kadzutsa anali wa Lilime yekha. Tsono poti masamba onunkhira aja sankamvekanso m'kamwa mwake, anayamba kuwachepetsa, amvekere chaka chino abwera osukuluka. M'malo mwake ankachulukitsa aja okhakhala oluma lilime, chifukwa okhawo ndi amene ankamuyankha. Posakhalitsa madandaulo anayamba kufika kuchokera m'masitolo. Ena ankati tiyi wa m'paketi yofiira wayamba kuwawa ngati mankhwala a malungo, ena ankati ngakhale mkaka ukumulephera.

Anti anamupeza m'mawa wina akutsuka supuni yake, nayankhula motsitsa mawu kuti osakaniza asamve.

"Achimwene, lero tilawe tonse wa kadzutsayu. Mwina masamba abwera ndi vuto, tithandizane."

"Anti, samalani tiyi wanu wa ndimu uko. Anthu masiku ano azolowera madzimadzi, tiyi weniweni akumuthawa."

Anti anakankhira magalasi m'mwamba n'kubwerera kutebulo lake.

Pantchito imeneyi pali mayeso amene wolawa aliyense amawadziwa, ndipo Lilime ndiye ankakonda kuopseza nawo ongoyamba kumene. Amaika makapu atatu akuda, oti mtundu wa tiyi usaoneke. Awiri amakhala ndi tiyi wofanana, kapu inayo ndi wina, ndipo wolawa amayenera kuloza yosiyanayo. Madandaulo atachuluka, abwana analamula kuti olawa onse ayesedwe. Anati onse pofuna kuti pasaoneke wolozedwa chala, koma m'chipindamo aliyense ankadziwa mwini wake wa mayesowo.

Lilime anafika patebulo manja a malaya atapinda. Anatunga mu kapu yoyamba, fyuu, n'kulavula. Kutentha. Yachiwiri, kutentha. Yachitatu, kutentha komweko. Anabwerera poyamba n'kuyambiranso. Masiku onsewa maso ndi amene ankamunyamula, akaona tiyi wofiirira ankadziwa chonena, koma m'makapu akuda maso analibe ntchito. Analoza yapakati ndi mawu amphamvu, nati masamba ake ndi ofooka. Abwana anangouza Anti kuti akonze ena.

Ulendo womaliza Anti anamumvera chisoni. Mu kapu imodzi anathiramo tiyi wowamba ndi utsi, woti fungo lake ngakhale munthu wodutsa pakhonde amalimva. Anachita izi kuti mkuluyu apeze potulukira ndi ulemu wake. Osakaniza amene anaima kukhomo anayang'anana, chifukwa chipinda chonse chinkanunkha ngati nkhuni zonyowa. Lilime analawa makapu onse mosamala, anatseka maso, n'kuloza ina. Palibe anaseka, ndipo kukanakhala bwino akanaseka. Ataona Anti akuvula magalasi n'kuyang'ana pansi, anadziwa.

Abwana anamuyankhula mwaulemu mu ofesi, kuti apume kaye akaonane ndi adokotala, malo ake adzawapeza zinthu zikadzabwerera m'chimake. Adokotala nawo sanadabwe. Anati zimenezi zimachitika pambuyo pa chimfine, ena zimabwerera pang'onopang'ono, ena ayi, ndipo anamuphunzitsa zoti azinunkhiza m'mawa uliwonse. Akumuperekeza kukhomo anamufunsa mocheza.

"Koma nthawi yonseyi kunyumba palibe amene anaona? Kawirikawiri amayamba kuzindikira ndi amene mumadya nawo."

Lilime anayang'ana nsapato zake. Potsika masitepe a chipatala sankaganiza za ntchito, kapena za dzina lake limene tsopano linasanduka chipongwe. Ankaganiza za mayi atatsuka kapu mwakachetechete m'mawa uja, ndipo manyazi anamugwira mpaka anaima kaye n'kutsamira khoma.

Loweruka masana anakwera basi kupita kutsidya lina la tauni. Kunyumba kwa mwana wake kunali moyo. Matewera anali mbee pachingwe, wailesi ikuyankhula pawindo, ndipo makina aja anali pakhonde, amayi awiri atakhala pambali kudikira zovala zawo uku akuseka. Atamuona kuseka kunazima. Mkazi wake anaimirira, anamupatsa mpando, namulonjera bwinobwino monga amalonjerera mlendo wolemekezeka. Amayi aja anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi zochita kwawo. Mwana wawo anabweretsa tiyi wamkaka pathileyi, anaonetsa adadi ake kakhanda, kenako anagoneka kakhandako pamkeka pafupi ndi agogo ake n'kulowa m'nyumba.

"Make mwana, ndinapita kwa adokotala."

"Anati bwanji?"

"Anati ndi zija munanena zija."

Mayi anagwedeza mutu, n'kupitiriza kumasula msoko wa siketi imene inali pamiyendo pake.

"Tsono ndabwera kudzakutengani. Loko uja ndinachotsa."

"Loko si nkhani, bambo. Kudwala aliyense amadwala. Mukanasiya kuona kapena kuyenda ndikanakusamalani osadandaula. Koma inu munaona chapafupi kunditcha wakuba kusiyana n'kundifunsa funso limodzi." Anadula kaulusi ndi mano. "Zaka zonsezi ndinkati m'mawa muja timacheza. Nditakhala kuno ndaona kuti ndinkaimirira kudikira chigamulo, n'kumakhala pansi mukandilola."

"Ndinalakwa," anatero Lilime. Mawuwo anatuluka movutikira, chifukwa pakamwa pake anali alendo.

"Ndamva, ndipo sindikukusungirani chakukhosi. Koma mtima wanga wapuma kuno. Kuno ndikathira tiyi anthu amangomwa."

"Nanga mudzabwera liti?"

Mayi anayang'ana kakhanda kamene kankaponya timiyendo pamkeka.

"Mwanayu akakulako."

Onse awiri ankadziwa kuti mwana sasiya kukula. Lilime ananyamula kapu yake n'kumwa tiyi yense mpaka pansi. Anafuna kunena kuti wakoma, koma anaopa, chifukwa sankadziwa ngati n'zoona. Mwana wake anamuperekeza pokwerera basi, namuuza kuti, "Adadi, muzibwera Lamlungu, musamangokhala nokha." Anavomera, ndipo basi itanyamuka anakhala pawindo kuyang'ana nyumba za anthu zikudutsa.

Lolemba kutacha anadzuka nthawi yake ya masiku onse ngakhale analibe kopita. Anateleka ketulo, anatsuka tipoti, anatsegula chitini. Supuni ili m'manja anaima, poti zothira masamba odzaza dzanja zija sankazikhulupiriranso. Kuntchito anali ndi sikelo ndi kawotchi kolira, koma tipoti iyi inali ya mayi, ndipo zaka zonse zija anali asanafunsepo kuti amathiramo masamba ochuluka bwanji, kapena amadikira nthawi yaitali bwanji asanathire m'makapu. Ankangodziwa kuweruza. Anatapa mongoganizira, anadikira mongoganizira, n'kuthira. Pansi pamsewu mwini sitolo ya nsapato ankakweza chitseko chake chachitsulo, ndipo ana a anansi ankathamangitsana pamasitepe.

Anakoka tiyi uja n'kutseka maso. Kutentha basi. Mwina anali wowawa, mwina anali madzi, mwina anali wabwino kuposa onse amene anapangapo. Anatembenukira kumpando wina uja, funso lili kale pamilomo, loti, "Kodi ali bwanji?" Linali funso lalifupi, losavuta, loti akanalifunsa miyezi ingapo yapitayo bwenzi m'khitchinimo muli anthu awiri. Analimeza pamodzi ndi tiyiyo, ndipo anakhala pomwepo mpaka tipoti inazizira.

Munthu wokana kufunsa amayesa kuti akutchinga ulemu wake, osadziwa kuti akudzitsekera mkati. Omukonda amazungulira khoma kufunafuna polowera mawu, akatopa amapita, ndipo tsiku limene iye wafuna kuitana amapeza kuti panja palibe munthu. Akuluakulu anaziona kale izi pamene ananena kuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.